Musanatumize nkhani ya pa gulupu kwa ena, chitani izi kaye

Ine ndi adimini wa gulupu ya WhatsApp ya banja lathu, ija mumapezeka aliyense kuyambira agogo omwe foni amawagwirira ndi mdzukulu mpaka ana a fomu 2, tilimo anthu pafupifupi 60, ena ali ku Joni, ena ku Lilongwe, ambiri ali kumudzi ku Phalombe, nde ntchito yaikulu imene ndimagwira mmenemo sikukumbutsa anthu za chopereka cha maliro ayi, ndikuthamangitsana ndi mabodza. Mmawa uliwonse ndikangotsegula data ndimapeza kanthu, pena voice note ya mayi wina akulira kuti ana akubedwa pa sukulu ina yosatchulidwa dzina, pena kalata yoti mafuta akwera usiku uno, pena osewera wa Bullets akuti wagulidwa ndi timu ya ku Ulaya. Amene amatumizawo si anthu oipa, ndi azakhali anga, ndi asuweni anga, amatumiza chifukwa amatikonda ndipo akufuna tichenjere. Nchifukwa chake ndati ndilembe mmene ine ndimachitira ndisanakhulupirire kapena kutumiza kanthu, sizifuna sukulu yambiri ndipo zambiri mwa izo sizidya ngakhale bandulo.

Ndiyambe ndi chifukwa chimene nkhaniyi imandiwawira mumtima. Mu 2017, cha mu September ndi October muja, kwathu kunadzadza mphekesera za anamapopa, Mulanje, Phalombe, Thyolo, Chiradzulu, Nsanje mpaka zinafika mu Blantyre momwe. Ndinapita kumudzi nthawi imeneyo ndipo ndinaona ndi maso anga anthu akugona panja pagulu atakoleza moto, azimayi ndi ana pakati, anyamata atatchinga msewu ndi miyala ndi zipika akusecha galimoto iliyonse, wina akangokuwa usiku mudzi wonse umadzuka ndi zibonga. Abale anga, anthu anaphedwa, anthu osalakwa, ena chifukwa choti anali alendo mderalo basi, mpaka a United Nations anachotsa antchito awo ku Mulanje ndi ku Phalombe. Palibe anaonetsa namapopa ngakhale mmodzi. Ukafunsa aliyense ankati ine sindinaone koma mlamu wanga wamva kwa munthu amene anaona. Nthawi imeneyo mafoni a intaneti kumudzi anali ochepa, lero ali paliponse, nde taganizani liwiro lake.

Choyamba chenicheni, mverani kaye mtima wanu. Meseji ikakuchititsani mantha pompo, kapena kukupsetsani mtima, kapena kukusangalatsani mopitirira, apo nde pofunika kuima, chifukwa amene amapeka mabodza amadziwa kuti munthu wamantha saganiza kawiri. Ikani foni pansi mphindi zisanu. Mukaitenganso yang'anani mawu awa, ndimawapeza pafupifupi mu bodza lililonse: tumizani kwa anthu onse amene mumawakonda, boma likubisa, mawailesi sakunena izi, dokotala wina wa ku chipatala chachikulu waulula, fulumirani asanaifufute. Nkhani yoona sipempha kuti muifalitse. Yang'ananinso pamwamba pa mesejiyo, WhatsApp imaika kamuvi ndi mawu oti Forwarded, ndipo ikadutsa mmanja ambiri pamabwera timivi tiwiri ndi mawu oti Forwarded many times. Timivi tiwirito tikutanthauza kuti amene wakutumizirani si amene analemba, ndipo iyenso mwina sakumudziwa wolembayo.

Kenako funsani funso limene ambiri timachita nalo manyazi, mwazimva kuti? Safunsa anadya phula. Mufunseni amene watumiza, akakuyankhani kuti nanenso angonditumizira, dziwani kuti simunapezebe mwini nkhani. Nkhani yeniyeni imakhala ndi dzina la munthu amene wayankhula ndi udindo wake, malo enieni, ndi tsiku. Ikangoti sukulu ina ku Lilongwe, bambo wina, dzulo, popanda deti, imeneyo itha kuzungulira zaka zitatu ikadali dzulo lomwelo, ndipo ndaonapo voice note imodzimodzi ikubwera pa gulupu yathu chaka ndi chaka, mudzi wokha ndi umene umasintha pa mawu olembedwa pansi pake.

Chilichonse chili ndi mwini wake wolengeza, ndipo mukawadziwa eni akewa theka la ntchito mwatha. Mitengo ya mafuta amalengeza ndi a MERA. Za kwacha ndi a Reserve Bank of Malawi, ngati mmene zinakhalira mu November 2023 pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, chikalata chinachokera kwa iwo ndipo nyumba zonse zofalitsa nkhani zinanena tsiku lomwelo. Zotsatira za mayeso ndi a MANEB ndi unduna wa maphunziro, za chisankho ndi a MEC, za mvula ndi namondwe ndi a nthambi yoona zanyengo, za ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi a DoDMA. Nde mukalandira kalata ya chidindo yooneka bwino musatengeke ndi chidindocho, mwana aliyense wodziwa kompyuta atha kukopera chizindikiro cha boma nkulemba zake pansi. Pitani nokha pa tsamba lawo la Facebook mukaone ngati kalatayo ilipo. Chimodzimodzinso sikirinishoti yolembedwa Zodiak kapena Times kapena Nation pamwamba, musaikhulupirire chifukwa cha mtundu wake, lowani pa tsamba lenilenilo mutsike pansi muione ndi maso anu. Ngati nkhani ndi yaikulu, monga nduna yamwalira kapena sukulu zatsekedwa, ndipo patha maola awiri palibe wailesi ngakhale imodzi yanena, ine ndimaitaya.

Chenjeraninso ndi masamba onamizira, dzina lofanana koma pena awonjezera kachilembo kamodzi kapena mawu oti news kumapeto. Pa Facebook mutha kulowa pa tsambalo nkupita pomwe alemba About, pali malo otchedwa Page transparency, amaonetsa tsiku limene tsambalo linatsegulidwa komanso ngati linasinthapo dzina. Tsamba lonena kuti ndi la wailesi yomwe takhala tikumvera zaka zambiri koma latsegulidwa mwezi watha, lili ndi anthu 300, mukudziwa kale yankho.

Apa wina anena kuti nanga atolankhaniwo sanama? Amalakwitsa ndithu, ndipo ena amakondera, tonse tikudziwa kuti MBC kuyambira kale imapendekera kwa amene ali m'boma kaya ndi chipani chiti, ndipo masamba ena a pa intaneti umachita kuoneratu kuti nkhani iyi alembera kusangalatsa winawake. Ine sindikuuzani kuti muziwameza osatafuna. Kusiyana kwake nkwakuti nyumba ngati Nation kapena Times kapena Zodiak ili ndi ofesi yoti utha kupitako, ili ndi mkonzi, mtolankhani amalemba dzina lake pa nkhani, akanama utha kukadandaula ku Media Council of Malawi kapena kukhoti, ndipo nthawi zina amapepesa poyera. Voice note ija mukadandaula kwa ndani? Chimene ine ndimachita pa nkhani za ndale ndikumvera mbali ziwiri kapena zitatu, MBC yanena bwanji, Zodiak yanena bwanji, nyuzipepala yalemba bwanji, pomwe onse agwirizana ndi pomwe ndimaponda. Ndipo chonde tsegulani nkhani yonse muwerenge, mutu wa nkhani ntchito yake ndi kukukokani, kangapo konse ndaona anthu akutukwanizana pa makomenti pomwe yankho lili mu ndime yachitatu imene palibe waifika.

Tsopano zithunzi, apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe ambiri timagwera. Timati ndaona ndi maso, chonsecho chimene taona ndi chithunzi chabe, ndipo chithunzi chitha kukhala chenicheni koma cha dziko lina kapena cha chaka china. Nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023, pomwe matope anatsika m'phiri la Soche nkukwirira nyumba ku Chilobwe ndipo dziko lathu linataya anthu oposa 1,000, zithunzi zenizeni zinalipo zambiri zomvetsa chisoni, koma pa gulupu yathu panabweranso vidiyo ya mlatho ukukokoloka akuti ndi wa kwathu, mlongo wanga wa ku Joni anayamba kulira poganiza kuti amayi atsekeredwa, titayang'anitsitsa galimoto za mu vidiyomo zimayenda mbali ya kumanja kwa msewu pomwe ife kuno timayenda kumanzere. Sinali ya ku Malawi nkomwe. Nde phunzirani kuyang'ana tinthu ting'onoting'ono, nambala za galimoto, yunifolomu ya apolisi, chiyankhulo cha pa zikwangwani za mashopu, chiyankhulo cha anthu amene akukuwa kumbuyo, mtundu wa maminibasi, ngakhale udzu. Wina akati izi zachitika lero mu October koma kutchire kuli kobiriwira chimanga chili mmapewa, si za lero zimenezo.

Ngati muli ndi kadata pang'ono gwiritsani ntchito Google Lens, ili mmafoni ambiri a Android. Sungani chithunzicho mu foni, tsegulani Google, pa malo olembapo pali kachizindikiro ka kamera, dinani pamenepo nkusankha chithunzi chija, ikuonetsani masamba ena pomwe chinatulukapo kale. Mukapeza kuti chinatuluka mu 2019 ku Mozambique kapena ku Kenya, nkhani yatha. Ikakhala vidiyo, iimitseni pamalo pooneka bwino, jambulani sikirinishoti nkuchita chimodzimodzi. Sikuti nthawi zonse imapeza, koma ikapeza imakupulumutsani ku manyazi aakulu. Masiku ano kwabweranso zithunzi ndi mawu opangidwa ndi AI, mapulogalamu a kompyuta otha kutsanzira nkhope ndi mawu a munthu, munthu wodziwika akuoneka akuyankhula zimene sanayankhulepo, pena akuitanira anthu ku bizinesi yoti ndalama zimaswana. Yang'anani milomo ngati ikugwirizana ndi mawu, yang'anani zala ndi zolembedwa kumbuyo ngati sizinapindike, koma ndinene zoona zinthuzi zikunka zikongola moti maso okha sakukwaniranso, njira yodalirika ikadali yomwe ija, kodi mwini wakeyo kapena wailesi yodziwika yaikapo zimenezi pa tsamba lawo?

Voice note ine ndimaiopa kuposa zonse. Mawu a munthu akulira mu Chichewa chathu chomwechi amalowa mumtima kuposa zolemba, ndipo agogo omwe satha kuwerenga amamva bwinobwino. Mverani ngati woyankhulayo watchula dzina lake, komwe ali ndi tsiku. Ngati sanatchule, musaitumize. Ngati watchula malo oti muli ndi m'bale kumeneko, imbani foni mufunse, mayunitsi a mphindi imodzi ndi otchipa kuposa chipwirikiti.

Malo abwino ophunzirira zonsezi ndi nkhani za mpira, chifukwa mabodza ake ndi ochuluka ndipo ukagwa nawo suvulala kwambiri. Nyengo yogula osewera ikafika tsiku lililonse wina wasaina ku Wanderers, wina wathawa ku Silver, kochi wachotsedwa, chithunzi chilipo atavala kale jezi. Dikirani tsamba la timuyo, kapena a Sulom, kapena a FAM. Yang'anani jeziyo, dzina la kampani yothandiza timu limene lili pachifuwa limakuuzani chaka chimene chithunzi chinajambulidwa. Ndipo ife tili ndi zoona zokwanira zonyadira osafuna kuwonjezera mchere, Flames inafika mu ndime ya matimu 16 ku AFCON ya ku Cameroon mu January 2022, tinachinya Zimbabwe 2-1 zigoli zonse za Gabadinho Mhango, tinalepherana ndi Senegal 0-0, kenako chigoli chake chija chakutali pokumana ndi Morocco ngakhale tinagonja 2-1. Scorchers inatenga chikho cha COSAFA mu 2023. Temwa Chawinga anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current nkusankhidwa osewera wopambana onse. Zimenezi mutha kuzitsimikiza paliponse. Koma zija za malipiro a osewera, akuti amalandira mamiliyoni mwakuti pa sabata, funsani kuti watulutsa ndani chiwerengerocho, nthawi zambiri palibe. Ndipo anyamata anga obetcha, munthu wokuuzani pa inbox kuti ali ndi magemu okonza kale mungomutumizira kangachepe, akanakhala nawodi akanabetcha yekha mwakachetechete, sakanafuna 5,000 yanu.

Za umoyo ndi pomwe bodza limapha mwachangu. Kumbukirani katemera wa Covid atafika mu March 2021, mameseji anali ponseponse, ena akuti ndi 666, ena akuti ukabayitsa subereka, ena akuti pakatha zaka ziwiri onse obayitsa adzafa, anthu anaopa ndipo mu May chaka chomwecho boma linawotcha katemera pafupifupi 20,000 amene anatha mphamvu asanagwiritsidwe ntchito. Zaka ziwiri zija zinadutsa kalekale, ife obayitsa tilipo, ana akubadwa, koma sindinaonepo amene anatumiza meseji ija akubwera kudzapepesa. Kolera itabuka mu 2022, kuyambira ku Machinga nkufalikira dziko lonse mpaka kupha anthu oposa 1,700, kunalinso zonena kuti ukapita ku tenti ya kolera sukabwerako, nde anthu amabisa odwala mnyumba nkumafika nawo kuchipatala madzi atatha kale mthupi. Chonsecho kolera imapha chifukwa cha kutha madzi komweko, ndipo chimene chimapulumutsa nchodziwika, Thanzi ORS msangamsanga, ikasowa lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, masupuni ang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, wodwala azimwa muli pa ulendo wopita kuchipatala, osati mmalo mwa chipatala.

Nde meseji ya zaumoyo ndimaiyesa chonchi. Ngati mankhwala amodzi akuchiza shuga, BP, khansa, HIV ndi kusabereka nthawi imodzi, ndi bodza. Ngati akukuuzani kuti musiye ma ARV kapena mankhwala a BP, ndi bodza loopsa, musatumize ngakhale litachokera kwa munthu wa kutchalitchi amene mumamulemekeza. Ngati pansi pake pali nambala yoti muitanitse botolo, ameneyo ndi wamalonda. Ine sindinyoza zitsamba, ndinakula ndikumwa za agogo ndipo chimfine chikandigwira ndimawiritsa ndimu ndi jinja ngati wina aliyense, komanso mankhwala ena a kuchipatala anachokera ku zomera, ngakhale LA amene timamwa tikadwala malungo gwero lake ndi chomera cha ku China. Kusiyana kwake nkwakuti amenewo anayesedwa pa anthu ambiri, mlingo wake ukudziwika, zoipa zake zikudziwika. Sayansi si mzungu wovala gauni yoyera, ndi kuyesa chinthu mobwereza nkulola ena ayesenso aone ngati apeze zomwezo, nchifukwa chake madokotala pena amasintha zonena akapeza umboni watsopano, ndipo ine ndimawakhulupirira kwambiri chifukwa cha kusinthako. Mukakayika funsani alangizi a zaumoyo a mdera lanu, anamwino amene mumawadziwa, kapena imbani ku Chipatala Cha Pa Foni.

Pali mtundu wina wa nkhani umene ndimafufuta pa gulupu yathu popanda kufunsa aliyense, vidiyo ya gogo atazunguliridwa ndi gulu akuti wagwa pa ndege ya ufiti, kapena wapezeka mmawa pakhomo pa eni ali mbulanda. Sindikulimbana ndi chikhulupiriro cha munthu, aliyense anakula ndi zake. Koma gogo wosokonezeka mutu chifukwa cha ukalamba amatha kutuluka usiku nkusochera osadziwa dzina lake lomwe, ndi matenda amenewo, ndipo ukamufunsa gulu litamuzinga avomera chilichonse. Ku Neno mu January 2016 agogo anayi anaphedwa mwankhanza powaganizira kuti anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Mphenzi imagwa nyengo ya mvula paliponse, imakonda mitengo italiitali ndi malo a pamtetete, sisankha kuti uyu ali ndi adani. Lamulo lathu la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Mukatumiza vidiyo yotero mukuthandiza kusonkhanitsa gulu limene likagende agogo a mnzanu, ndipo mawa atha kukhala amayi anu.

Za ndalama ndingodutsamo mwachangu poti ambiri tinapsapo kale. Linki yoti kampani yakuti ikugawa data yaulere kapena boma likulemba anthu olandira thandizo dinani apa nkutumiza ku magulupu asanu, musadine. Meseji yoti ndatumiza ndalama molakwika ndibwezereni, onani kaye balansi yanu nokha pa Airtel Money kapena Mpamba, osadalira meseji imene yabwera. PIN yanu ndi manambala aja amabwera pa SMS musapatse munthu ngakhale anene kuti akuimba kuchokera ku ofesi. Za likasa la mayeso chimodzimodzi, mwana ataya ndalama ndi nthawi yowerenga.

Tsono mwapeza kuti nkhani ndi yabodza ndipo amene watumiza ndi malume anu, mutani? Apa ambiri ophunzira amalakwitsa, amalemba pagulu pomwepo kuti fake news ndi tizithunzi toseka, malume achita manyazi pamaso pa ana ndi akamwini, mawa saphunzirapo kanthu koma akusungirani chakukhosi ndipo azikatumiza ku magulupu ena komwe inu kulibe. Ine ndimawaimbira kapena kuwalembera paokha, ndimati malume mwaswera bwanji, nkhani ija mwatumiza ija ndayesa kuifufuza ndapeza kuti chithunzicho ndi chakale cha dziko lina, taonani apa, mwina amene anakutumizirani nawonso anapusitsidwa, bwanji muichotse anthu asanachite mantha. Ndimawasiyira mpata woti aichotse okha ndi ulemu wawo, ndipo nthawi zambiri amachotsa nkuthokoza. Akachedwa ndipo nkhaniyo ndi yoti itha kuvulaza munthu, adimini ali ndi mphamvu yofufuta meseji ya wina aliyense pa gulupu, ndimafufuta kenako ndimalemba mwaulemu chifukwa chake osatchula dzina la amene anatumiza. Mukalakwitsa ndinu, dinani Delete for everyone msanga, koma musathere pomwepo chifukwa ena awerenga kale, lembani kuti abale nkhani ndinatumiza ija si yoona pepani, ndipo bwererani ku magulupu onse kumene munaitumiza. Dziwaninso kuti kuno kuli lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 ndipo anthu amangidwapo chifukwa cha zolemba pa WhatsApp ndi pa Facebook, kunena kuti ndinangotumiza sindinalembe ndine sikungakutetezeni mmene mukuganizira.

Chomaliza chimene ndikufuna ndinene sichikhudza bodza, chikukhudza nkhani yoona imene si yanu kuilengeza. Msuweni wathu wina anachita ngozi ya njinga yamoto mtauni nkumwalira madzulo, achinyamata amene anali naye pafupi anaika chithunzi chake pa status ndi RIP pasanathe ola, amayi ake ali kumudzi akusenda nandolo pakhonde osadziwa kanthu, akuluakulu anali asananyamuke nkomwe kupita kukawauza, nde mwana wa neba anabwera akuthamanga ndi foni mmanja nkuwaonetsa kuti taonani achimwene. Mayi aja anagwa pomwepo, panalibe wamkulu woti awagwire, ndipo mpaka lero akakumbuka amanena za foni ija kuposa za ngoziyo. Makolo athu sanali opusa poika dongosolo la uthenga wa maliro, amayamba kudziwa ndi eni mbumba ndi amalume, amfumu amauzidwa, amatumidwa anthu okhwima maganizo kukakhala pansi ndi ofedwa, pena amayamba ndi kunena kuti matenda akula kuti mtima ukonzeke, kenako uthenga umapita kwa onse. Foni yatidumphitsa zonsezo.

Nde pa gulupu yathu tinagwirizana chonchi ndipo mutha kutengera. Munthu akamwalira palibe kulemba pa gulupu kapena pa status mpaka mwini mbumba kapena amene watumidwa ndi banja atalengeza yekha. Wamva msanga aimbire adimini kapena malume, osati kulemba. Zithunzi za pangozi, za munthu ali pa bedi kuchipatala, za thupi, sizilowa pa gulupu zivute zitani, ngakhale za munthu amene sitikumudziwa, chifukwa nayenso ali ndi amake kwinakwake amene mwina sanamve. Ndipo ukaona RIP pa status ya munthu wina usathamangire kulemba pepani pa tsamba la ofedwa kapena kuwaimbira ukulira, yamba wafunsa wamkulu wa banjalo ngati amayi ndi ana auzidwa kale. Chaka chatha agogo ena a kuchimuna atatisiya usiku, anthu 11 a pa gulupu anadziwa isanakwane 10 koloko, ndipo gulupu inakhala chete mpaka mmawa malume atafika kumudzi nkukhala pamphasa ndi ana awo, uthenga unalembedwa cha mma 7.